Giza, hita ndi fani: momwe mungaletsere mayunitsi kuthera panjira m'nyumba ya ku Mzuzu

Mwezi wa Juni ukalowa, nkhungu n'kuyamba kukuta Katoto, Luwinga ndi Chibavi m'mawa uliwonse, mabanja ambiri amadabwa kuti mayunitsi amene ankafika nawo kumapeto kwa mwezi akutha mwezi usanapite patali. Ena amakayikira mita, ena amakalipira ana kuti azizimitsa mababu. Komatu babu ya LED ya mawati 9 ikamayaka maola 5 usiku uliwonse imatenga masiku oposa 20 kuti imalize yunitsi imodzi, pamene giza ya mawati 3,000 imameza yunitsi yomweyo m'mphindi 20 zokha. Magetsi a m'nyumba amathera pa zipangizo zotenthetsa ndi zoziziritsa, ndipo chipangizo chilichonse chotere mumachiweta pa zinthu ziwiri: mlingo wa kutentha umene mwachiikira, ndi nthawi imene mwachilola kuyaka.

Yambirani pa mita

Musagule kanthu musanayeze. Yunitsi imodzi imene mumagula ku ESCOM ndi mawati 1,000 oyaka ola limodzi. Choncho tengani mawati olembedwa pa chipangizo, chulukitsani ndi maola amene chimayaka, gawani ndi 1,000, mwapeza mayunitsi. Mtengo wa yunitsi umasintha, ndiye uwerengereni pa lisiti kapena pa uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba umene munalandira pomaliza: gawani ndalama zimene munalipira ndi mayunitsi amene anakupatsani.

Kwa masiku 7, lembani m'kope mayunitsi otsala kawiri pa tsiku, pokagona ndi podzuka. Kusiyana kwa usiku ndiko kumaulula zambiri, chifukwa aliyense ali m'tulo ndipo choyaka chimayenera kukhala filiji ndi mababu apanja basi. Ngati usiku umodzi ukudya mayunitsi angapo, chilipo chimene chikudya mwakachetechete, ndipo kawirikawiri chimakhala giza imene ili pamwamba pa siling'i.

Pali njira ina yachangu. Mamita ambiri ali ndi kanyali kofiira kophethira, ndipo pambali pake pamalembedwa nambala, mwachitsanzo 1000 imp/kWh. Zikatero ndiye kuti kanyaliko kakaphethira ka 1,000, yunitsi imodzi yapita. Imani pa mita ndi wotchi, wina aziyatsa zipangizo chimodzichimodzi. Giza ya mawati 3,000 ikayaka, kanyaliko kamaphethira pafupifupi ka 50 pa mphindi, ngati mtima wa munthu. Mukaona zimenezo ndi maso anu, simudzakangananso za mababu.

Giza

Apa m'pamene pali ndalama zambiri, choncho tikhalapo pang'ono. Giza ya malita 150 nthawi zambiri imakhala ndi element (chitsulo chotenthetsa madzi m'kati mwake) ya mawati 3,000. Kukweza madzi onsewo ndi digiri imodzi kumafuna pafupifupi mayunitsi 0.17. Tiyerekeze kuti madzi akulowa ali pa madigiri 18 ndipo mukufuna afike 60: amenewo ndi mayunitsi oposa 7 pang'ono, ndi nthawi yokwana pafupifupi maola awiri ndi theka. M'miyezi yozizira madzi a m'mipope amabwera ozizira kwambiri, ndiye giza imagwira ntchito nthawi yotalikirapo ngakhale kasambidwe ka pabanja sikanasinthe. Kuwonjezera apo, giza yodzaza madzi otentha imataya kutentha kudzera m'thupi lake ndi m'mapaipi, ndipo zachikale zimatha kutaya mayunitsi awiri kapena kuposerapo pa tsiku popanda munthu kutsegula mpope.

Choyamba ndi thermostat, kachipangizo kamene kamazimitsa giza madzi akafika pa mlingo wa kutentha umene mwaika. Magiza ambiri amaikidwa pa madigiri 65 kapena 70 ndipo palibe amene amakawagwiranso. Tsitsani pa 60. Ngati mpweya wa m'denga uli pa madigiri 20, kuchoka pa 70 kufika pa 60 kumachepetsa kutentha kotayika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Musatsitse kufika pa 45 kapena 50 pofuna kupulumutsa zambiri. Tizilombo ta Legionella, timene timayambitsa chibayo choopsa munthu akapuma nthunzi ya shawa, timaswana bwino m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45, ndipo timafa madzi akafika 60.

Thermostat ili pansi pa kachivundikiro kumapeto kwa giza, pomwe pamalowera waya. Pamenepo pali magetsi a mavoti 230 pafupi ndi madzi ndi chitsulo, choncho zimitsani breaker ya giza pa bokosi lalikulu, zimitsaninso switch imene ili pafupi ndi gizayo, ndipo tsimikizani ndi tesita kuti mulibe moto musanagwire kalikonse. Kagudumu ka thermostat kamatembenuzidwa ndi screwdriver yaing'ono yaphwatalala. Ngati simunatsegulepo bokosi la magetsi chibadwire, itanani wamagetsi wovomerezeka ndi MERA (bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno), ntchitoyi siitenga nthawi. Mukakwera nokha m'denga, pondani pa mitanda yamatabwa, siling'i siinyamula munthu.

Chachiwiri ndi timer, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa giza pa nthawi imene mwaika. Tinene zoona pano, chifukwa ogulitsa ena amalonjeza zoposa: timer siichepetsa magetsi otenthetsera madzi amene mwasamba. Chimene imaletsa ndi giza kumangodziyatsa usana ndi usiku wonse pobwezera kutentha kotayika, ndiponso kutenthetsanso thanki yonse mukangomaliza kusamba m'mawa, madziwo n'kukhala akuzizira tsiku lonse popanda wowagwiritsa ntchito. Banja losamba cha m'ma 5:30 m'mawa ndi madzulo likhoza kuika kuti giza iziyaka 3:30 mpaka 5:30 m'bandakucha, kenako 3 koloko mpaka 5 koloko madzulo. Izime anthu asanayambe kusamba kapena akangoyamba kumene. Mu Juni ndi Julaye onjezani mphindi 30. Yesani sabata imodzi, mukaona kuti womaliza kusamba akupezabe madzi otentha bwino, chotsani mphindi 15, mpaka mupeze malire a nyumba yanu.

Posankha timer, onani zinthu ziwiri. Giza ya mawati 3,000 imakoka ma amp 13 (amp ndi muyeso wa magetsi odutsa mu waya), ya mawati 4,000 imakoka opitirira 17. Katimer kolowetsa pa soketi sikoyenera ntchito imeneyi. Pamafunika yomangirira m'bokosi lalikulu, ya ma amp 20 kapena kuposerapo, kapena yaing'ono yoyendetsa contactor (switch yamphamvu imene timer imayatsa ndi kuzimitsa) kuti mphamvu yaikulu izidutsa mu contactor. Chinthu chinacho n'chofunika kwambiri kuno kwathu: ikhale ndi batire lake losunga nthawi. Timer yamagudumu yopanda batire imaima magetsi akathima. Akathima maola 4, wotchi yake imatsalira ndi maola 4, ndipo giza yoyenera kuyaka 3:30 imadzayaka 7:30 anthu atapita kale kuntchito atasamba madzi ozizira. Ambiri zikatero amati timer ndi yachabe n'kuibweza pa kuyaka kosalekeza, pamene vuto linali batire.

Wamagetsi amange mawaya molimba, ndipo patatha milungu ingapo awaonenso. Waya wolendewera pa ma amp 13 amatentha, pulasitiki n'kuyamba kuda ndi kununkha. Mukamva fungo lotero pa bokosi, zimitsani nthawi yomweyo.

Chenjezo lina ndi la madzi. Mipope ikauma, anthu n'kumatsegulabe mpope wa madzi otentha, giza ina imakhuthuka. Timer sidziwa zimenezo, imayatsa nthawi ikakwana, ndipo element yoyaka popanda madzi imapsa m'mphindi zochepa. Madzi akasiya, zimitsani breaker ya giza. Akabwera, tsegulani mpope wa madzi otentha mpaka usiye kutsokomola mpweya ndipo madzi aziyenda mosadukiza, kenako yatsani.

Chachitatu ndi kuifunditsa. Gwirani thupi la giza ndi dzanja: ngati likumveka lofunda, kutentha kukuthawa. Ikutireni ndi bulangeti la giza, kusiya poonekera kachivundikiro ka magetsi ndi valavu yotulutsira madzi akachuluka mphamvu. Kutirani ndi thovu lokutira mapaipi mamita awiri oyambirira a paipi ya madzi otentha, ngakhalenso yonse ngati mungathe. Mpope wa madzi otentha wodontha ukonzeni lero, chifukwa dontho lililonse lotuluka limalowetsa dontho lozizira mu giza.

Yezaninso shawa. Ikani ndowa ya malita 20 pansi pake: ikadzaza mphindi 2 zisanakwane, shawayo ikutulutsa malita oposa 10 pa mphindi, ndipo kusintha mutu wake kungakupulumutsireni zambiri kuposa timer. Munthu mmodzi kapena awiri okhala okha aganizirenso ngati akufunikiradi kutenthetsa malita 150. Ndowa ya malita 20 kuichotsa pa madigiri 18 kufika pa 40 kumafuna theka la yunitsi lokha.

Amene muli ndi giza ya sola, element yothandizira ikhale pa timer yoyatsa madzulo, cha m'ma 3 koloko. Ikamayaka m'mawa, imatenthetsa madzi dzuwa lisanagwire ntchito yake, ndiye sola munagula ija yangokhala chokongoletsa denga. Ku Mzuzu masiku a mitambo ndi mvula yowaza ndi ambiri, choncho musaichotseretu element imeneyo.

Hita m'miyezi yozizira

Hita iliyonse yamagetsi, kaya ya mipiringidzo yofiira, ya fani kapena ya mafuta, imasandutsa yunitsi imodzi kukhala kutentha kofanana. Palibe yamatsenga. Ya mawati 2,000 yoyaka mosalekeza maola 5 imadya mayunitsi 10 usiku umodzi, 300 pa mwezi. Kusiyana kwake kuli pa thermostat, chifukwa hita yokhala nayo imadzizimitsa chipinda chikafunda. Yopanda thermostat imadya mofanana kuyambira poyatsa mpaka pozimitsa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti m'nyumba musazizire kuposa madigiri 18, makamaka kumene kuli makanda, okalamba ndi odwala chifuwa. Choncho mlingo wa 18 mpaka 20 ndi wokwanira kwa munthu wovala juzi. Vuto n'lakuti kagudumu ka hita zambiri kalibe madigiri, kamangokhala ndi manambala kapena mzere wokulirakulira. Chitani chonchi: ikani thermometer yotsika mtengo pa msinkhu wa mpando, kutali ndi hita ndi zenera. Tsekani chitseko, tembenuzani kagudumu mpaka kumapeto. Thermometer ikafika 19 kapena 20, bwezani kagudumuko pang'onopang'ono mpaka mumve kakuti "thi" ndipo kanyali kazime. Lembani chizindikiro pamenepo ndi cholembera, ndipo uzani onse a m'nyumba kuti pasasunthidwe. Kukweza kagudumu mpaka kumapeto sikufunditsa chipinda msanga. Hita imatulutsa moto womwewo, imangochedwa kuzima.

Tenthetsani chipinda chimodzi chimene anthu akhalamo, chitseko chili chotseka. Pogona, m'malo mofunditsa mpweya wa chipinda chonse, funditsani bedi. Bulangeti lamagetsi limakoka mawati pafupifupi 100, ndiye kuliyatsa ola limodzi musanagone kumadya gawo limodzi mwa magawo 10 a yunitsi. Botolo la labala la madzi otentha limachitanso chimodzimodzi, bola musathiremo madzi obwadamuka ndipo mulikulunge m'nsalu, makamaka kwa ana.

Hita ilowe pa soketi ya pakhoma mwachindunji. Ya mawati 2,000 imakoka pafupifupi ma amp 9, ndipo ma extension ambiri otsika mtengo ali ndi waya woonda umene sungapirire zimenezo maola angapo. Hita ziwiri pa extension imodzi zimadutsa ma amp 13 amene pulagi yathu ya mano atatu imaloleza. Zipangizo zochokera ku South Africa zimabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, ndipo adaputa yolendewera ndi malo amene moto umayambira. Ndi bwino kudula pulagiyo n'kuika yoyenera yokhala ndi fyuzi ya ma amp 13. Hita italikirane ndi makatani, neti ya udzudzu ndi zofunda ndi mita imodzi. Tikudziwa kuti mvula yowaza ikagwa masiku atatu yunifolomu ya mwana siuma, koma musaiyanike pamwamba pa hita. Iyanikeni pa mpando chapatali, fani izikupiza.

Nyumba izisunga kutentha

Thermostat imapulumutsa magetsi pokhapokha chipinda chikafika pa mlingo wake n'kuizimitsa. M'chipinda cha malata opanda siling'i kutentha kumakwera n'kutuluka, hita siizima, ndipo kagudumu kaja kalibe ntchito. Siling'i, ngakhale ya chipinda chogona chokha, ndi chinthu choyamba kuikapo ndalama, ndipo imathandizanso mu Okutobala malata akamawotcha. Mpata wa pansi pa chitseko utsekeni ndi thaulo lakale lopindapinda. Magalasi a mazenera a louvre osagwirana bwino awongoleni, osweka abwezeretseni.

Dzuwa ndi hita yaulere. Mzuzu ili kum'mwera kwa equator, choncho mu Juni ndi Julaye dzuwa limadutsa chakumpoto. Tsegulani makatani a mazenera oyang'ana kumpoto nkhungu ikangochoka, ndipo atsekeni onse dzuwa likamapendeka, kuzizira kusanalowe. Makatani okhuthala ofika pansi amagwira ntchito kuposa opyapyala. Komabe musatseke nyumba ngati botolo. Mpweya wa ku Mzuzu ndi wachinyontho, ndipo nyumba yosapuma imachita thukuta m'makoma, chuku n'kumera kuseri kwa kabati. Tsegulani mazenera mphindi 10 kapena 15 masana, ndipo timabowo tolowetsa mpweya ta m'khitchini ndi m'bafa tisatsekedwe.

Izi zikutifikitsa pa mbaula. Magetsi akathima kapena mayunitsi akatha, anthu amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda n'kutseka chitseko. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndiponso wosanunkha, umene umayamba ndi mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo umapha anthu ali chigonere. Makala ofiira osafuka utsi amatulutsabe mpweya umenewu. Mbaula isagone m'nyumba, ngakhale kuzizire chotani. Wina akayamba kumva mutu kapena nseru mukuwotha, tulukani nonse panja msanga ndipo mupite naye kuchipatala.

Nyengo yotentha

Mzuzu ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndiye kutentha kwa Okutobala ndi Novembala sikufanana ndi kwa ku Karonga kapena ku Nkhata Bay. Nyumba zambiri fani imakwanira. Imakoka mawati 50 mpaka 75, koma imaziziritsa khungu la munthu, siiziziritsa chipinda, choncho fani yokupiza m'chipinda mopanda munthu ikungotaya magetsi. Tsekani makatani a kumadzulo masana, tsegulani mazenera a mbali ziwiri usiku kuti mphepo idutse.

Amene muli ndi aircon, ikani pa madigiri 25 ndipo muyatsenso fani. Kuika pa 16 sikuziziritsa msanga, kumangochititsa kuti kompresa isapume. Tsukani masefa ake milungu iwiri kapena inayi iliyonse, chifukwa sefa yodzaza fumbi imatsamwitsa makina. Ngati remote yake ili ndi chizindikiro cha dzuwa, kawirikawiri ndiye kuti aircon yanuyo imathanso kufunditsa, ndipo pa yunitsi imodzi imapereka kutentha kochuluka pafupifupi katatu kuposa hita wamba, chifukwa imakoka kutentha kwa panja m'malo mokupanga. Mu Juni iikeni pa 20, hita ipume.

Filiji nayo ili ndi thermostat. Pa mafiliji ambiri nambala yaikulu imatanthauza kuzizira kwambiri. Ikani thermometer m'kapu ya madzi pa shelefu yapakati usiku wonse: pamafunika madigiri 3 mpaka 5. Panani pepala pa chitseko, likasololoka mosavuta ndiye kuti labala yatha. Siyani mpata wa masentimita 10 kumbuyo, sungunulani ayezi akakhuthala kuposa theka la sentimita, ndipo ikani fridge guard yochedwetsa kuyaka ndi mphindi zingapo magetsi akabwerera.

Za mapulagi oyendera foni

Ma smart plug ndi ma switch a Wi-Fi ayamba kupezeka, ndipo amene amaonetsa mayunitsi pa foni ndi othandiza pofufuza chipangizo chodya kwambiri. Musanagule onani ma amp ake, chifukwa ambiri ndi a ma amp 10 okha. Ambiri amalumikizana ndi Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha. Ena amasunga ndondomeko ya nthawi m'kati mwawo, ena amadalira intaneti, moti bandulo ikatha amaiwala ntchito. Yesani tsiku loyamba: ikani nthawi, zimitsani router, muone ngati ayatsa okha. Fufuzaninso mu app pamene pamasankhidwa chimene pulagi ichite magetsi akabwerera, ndipo pa chipangizo chilichonse chotenthetsa sankhani kuti ikhale yozima. Hita ya mipiringidzo kapena ya fani isamayatsidwe ndi timer kapena foni m'nyumba mopanda munthu, chifukwa simungaone ngati mwana wasiya juzi pamwamba pake. Ndipo ngati muli ndi inverter ndi mabatire, giza ndi hita zisalumikizidwe kumeneko, zimakhuthula batire mwamsanga ndi kulifupikitsa moyo.

Sinthani chinthu chimodzi pa sabata, kuti kope lija likuuzeni chimene chathandiza. Ngati mwaika timer koma mayunitsi a usiku sanatsike, zimitsani breaker ya giza usiku umodzi muyerekeze. Akatsika, onani ngati kabatani ka timer sikanasiyidwe pa kuyaka kosalekeza, ngati contactor siinamatirire, kapena ngati wamagetsi sanailumikize pa waya wolakwika. Madzi otuluka otentha mopitirira muyeso, kapena paipi yotayira madzi kunja kwa denga yodontha madzi otentha osaleka, ndi chizindikiro chakuti thermostat kapena valavu yafa. Pamenepo giza ikhale yozima mpaka zisinthidwe.